Tikufuna kukwera ku Blantyre ndi ana holide ino, tikaone chani ndipo tikadye kuti?

Make Tadala, kwa Ngabu

Moni nonse abale anga a m'chigwa cha Shire muno ndi inu amene munakwera kumtunda kalekale. Ndili ndi funso koma mundipirire ndiyambe ndafotokoza kaye pang'ono kuti mumvetse chimene chili mumtima mwanga.

Ana tili nawo atatu, wachisamba ndi mtsikana walemba mayeso a Sitandade 8 chaka chino, wachiwiri mnyamata wa zaka 10, ndiye kamzime kali ndi zaka 5. Chaka chino Mulungu watikomera mtima, chitowe chinachita bwino thonje nalonso silinatichititse manyazi, nde titagulitsa tinakhala pansi ndi abambo akunyumba nkugwirizana kuti tipatuleko kangachepe tiwatengere anawa ku Blantyre masiku atatu sukulu akatsekera, chakumayambiriro kwa Ogasiti. Ena pamudzi pano akuti nkuononga ndalama bola kugula mbuzi ziwiri, mwina akunena zoona, koma tamverani. Ineyo ku Blantyre ndapitako kanayi moyo wanga wonse, kawiri kukadikirira matenda ku chipatala cha Queens, kamodzi maliro a amalume ku Zingwangwa, kenako kuperekeza achimwene za pasipoti. Tauni imeneyi ndimaidziwa ndi fungo la mankhwala ndi simenti yozizira imene tinkagonapo usiku. Mtsikana wangayu naye anakwerako kamodzi kokha, mu ambulansi, ndipo mpaka lero ukatchula Blantyre amangoti zii. Sindikufuna ana anga akule akudziwa kuti mtunda wa ku Thabwa munthu amakwera pokhapokha zinthu zikavuta.

Mnyamatayu ndiye nkhani ina. Iyeyu tsiku lonse ndi kuumba tinjerwa ndi kabokosi ka machesi, amatiyanika pa lata, kenako nkumanga tinyumba tosanjikiza kuseri kwa khola, mvula ikagwetsa amayambiranso osadandaula. Amafunsa mafunso oti ine sindingayankhe, ati nyumba yosanja imaima bwanji osagwa. Nde ndikufuna akaone ndi maso nyumba zenizeni makamaka zakale zija timangomva.

Tsono ndithandizeni, ndi nyumba ziti zimene tingakaone ndi ana popanda kulipira zambiri? Msika wabwino kuyendamo ndi ana ndi uti, wa Limbe kapena wa Blantyre? Nanga zakudya, tikadye chani choti kuno kulibe, ndipo kuti, poti sitikufuna kukadwalitsa ana m'mimba? Pogona pali msuweni wa abambo ku Ndirande wanena kuti tifike koma nyumba yake ndi ya zipinda ziwiri ndipo ife tilipo asanu, mwina tipeze resitihausi? Zikomo, takhuta.

Mphunzitsi Wopuma, kwa Kasisi

Mayi a Tadala, mwandikhudza kwambiri ndi mawu a mtunda wa ku Thabwawo. Mbuzi mudzagula chaka chamawa, mwana wa zaka 10 sadzakhalanso wa zaka 10. Ine ndaphunzitsa nthawi yaitali m'sukulu za m'chigwa muno ndipo ndinaperekezako ana ku Blantyre kangapo, nde ndilankhulapo za nyumba zokha, za misika alipo odziwa kuposa ine.

Poyambira penipeni ndi pa mishoni ya Blantyre, anthu amangoti pa HHI, m'mbali mwa msewu wopita ku Chileka, kuchokera pa depoti ya Wenela mutha kuyenda wapansi. Pamenepo pali tchalitchi cha St Michael and All Angels cha mpingo wa CCAP. Anayamba kuchimanga mu 1888 nkuchitsegulira mu 1891, woyang'anira anali m'busa David Clement Scott amene sanaphunzirepo zomangamanga, ndipo ogwira ntchitoyo anali anthu akuda a konkuno amenenso anali asanamangepo chinthu chotero. Dothi anakumba pompo, kuumba pompo, kuotcha pompo ndi nkhuni. Chimene ine chimandigwira mtima nchakuti ankayamba asanja njerwa zouma popanda matope kuti aone ngati zikukhala bwino, zikakhala ndiye nkumangira zenizeni, ndendende mmene akuchitira mwana wanu kuseri kwa kholako. Zikombole zinali zamatabwa ndipo zinali zamitundumitundu. Tsono mnyamatayo musakamuimike patali pojambulitsa ayi, mukamufikitse pakhoma penipeni agwire ndi dzanja, awerenge yekha kuti njerwa zosiyana kaumbidwe zilipo zingati. Zina nzokhota, zina zosongoka, zina ngati anazisenga pakona, ndipo ndi zimenezo zimene zikupanga makomo opindika ngati uta, nsanja ziwiri zakutsogolo zosafanana zija ndi denga lozungulira ngati mphika wovundikira. Ndinapitako ndi mwana wina wa Sitandade 6, anawerenga kufika pa 20 nkusokonezeka, kuyambiranso, anzake onse ali m'basi iye akadali ndi chala pakhoma. Funso lake loti nyumba imaima bwanji osagwa, yankho lili pa makomo opindikawo, njerwa iliyonse ikukankha inzake ndipo kulemera konse kukutsikira m'mbali. Akaona amvetsa msanga kuposa ine kulemba pano.

Ndi nyumba yopemphereramo, nde mukafika pezani kaye woyang'anira mupemphe kuti akutsegulireni, mkati mwa sabata kumakhala phee, Loweruka nthawi zambiri kumakhala maukwati. Mukatuluka musaiwale kusiya kangachepe.

Koma chimene ndikufuna anawo akamve ndi ichi. Tauni imeneyi inadzera kwathu kuno. Mu 1876 pamene Henry Henderson ankafuna malo a mishoni, womuperekeza anali Tom Bokwito, ndipo malowo anawapeza m'dera la mfumu Kapeni, dzina la Blantyre nkulitenga ku mudzi wa ku Scotland kumene anabadwira David Livingstone. Azungu onsewo njira yawo inali Shire yemweyu. Sitima za pamadzi zinkakwera mtsinje kudzafika kwa Katunga, kupitirira apo mathithi a Kapichira ankatseka njira, nde katundu yense ankatsitsidwa konkuno nkukwera mapiri pamutu pa amtengatenga. Mukamakwera pa minibasi injini ikulira m'makhotamo, anawo muwauze kuti pali anthu anakwera mitunda imeneyi wapansi atasenza mitolo ya nsalu ndi mabokosi. Scott yemweyo mu 1892 anatulutsa dikishonale yaikulu ndipo chilankhulo chake anachitchula kuti Chimang'anja, chathu chomwechi.

Kachiwiri pitani ku Mandala. Nyumba imeneyi inamangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes, ndipo ndi imene imadziwika kuti ndi yakale kuposa zonse mwa nyumba zachizungu zimene zidakaima m'dziko muno. Dzina la Mandala linachokera pa magalasi a m'maso amene ankavala John Moir, mmodzi wa abale awiri oyendetsa kampaniyo, anthu poona kunyezimira kuja nkumutcha Mandala, mpaka sitolo zawo m'dziko lonse zinatenga dzina lomwelo, agogo anu akuzikumbuka. Ndi yosanja, makoma ochindikala, khonde lotambalala. Ife a kotentha kuno tikaphunzirepo za khondelo, muone mmene mthunzi ukutetezera khoma kuti dzuwa lisaombe, osati nyumba tikumanga masiku ano za malata pafupi ndi mutu mawindo ang'onoang'ono, Okutobala akafika tonse kugona panja. Mkatimo muli zojambulajambula zogulitsa, pamwamba pali laibulale ya Society of Malawi, palinso kafe koma mitengo yake ndi ya alendo, inu kaoneni nyumba basi.

Kachitatu ndi miziyamu ya ku Chichiri, pafupi ndi bwalo la Kamuzu Stadium. Pakhomo amalipiritsa pang'ono. Panja pali injini ya sitima yakale ya malasha, kamzime kanu sikadzafuna kuchokapo. Apanso muwakumbutse kuti njanji yoyamba inafika ku Blantyre mu 1908 kuchokera ku Port Herald, amene ndi Nsanje wathuyu, kudzera pa Chiromo. Ana a masiku ano a ku Bangula sitima sakuidziwa chifukwa madzi anadula njanji cha ku Chiromo mu 1997. Mkati muli zida zakale, ndalama zakale ndi zina za makolo. Pomwepo mumsewu waukulu wa Masauko Chipembere muona chipilala chokumbukira ufulu wa 1964.

Za Victoria Avenue sindichulukitsa, ingoyendani kutsika kapena kukwera, muone holo yakale ya tauni ya 1903 itakhala pakati pa nyumba zitalizitali za mabanki, mwana ayerekeze yekha yakale ndi zatsopano.

Nachisale wa Geni, Nchalo

Achemwali moni, aphunzitsi afotokoza bwino zedi mpaka ine amene ndimapita ku tauni kawiri pamwezi ndazindikira kuti Mandala ndimangomudutsa. Ine zanga ndi za msika poti ndimapikula zitenje ndi kaunjika ku Limbe.

Kunena mosabisa ndi ana atatu tsiku loyamba musayambire Limbe, muyambire msika wa Blantyre chifukwa ndi wocheperako ndipo mutha kuzungulira osatayana, anawo azolowere kaye phokoso ndi kukankhana. Limbe mudzapite tsiku lachiwiri m'mawa cha m'ma 8 anthu asanathithikane, ndipo lisakhale Loweruka lakumapeto kwa mwezi chonde, tsiku limenelo ngakhale ine wamkulu ndimatuluka mutu ukuwawa. Koma osalephera kupitako chifukwa Limbe ndiye msika weniweni, kuli mbali ya nsomba kumene mupeze usipa, utaka, bonya, matemba milumilu, mtsikana wanuyo akaone kusiyana kwa nsomba za kunyanja ndi zathu za m'madambo muno, kuli mbali ya masamba kumene kabichi wake mutu umodzi kukula ngati chidebe, nsawawa, karoti, anyezi, mbatata ya kachewere yochokera ku Ntcheu ndi ku Dedza, zinthu zoti kuno zimafika zitafota kale ndi dzuwa komanso zitakwera mtengo. Nthawi mukupitayo ndi ya manachesi a ku Mwanza, gulani mulu anawo adye mpaka akane okha. Ndipo mukamayenda m'misewu ya Limbe uzani mnyamatayo azikweza maso pamwamba pa mashopu akale a amwenye aja, pansi ndi shopu pamwamba ndi pogona, kutsogolo khonde la zipilala loti anthu azidutsa osanyowa, mizikiti nayonso ilipo yokongola ndi nsanja zake, ndi zomangamanga zomwezo aphunzitsi akunena koma izi nzaulere ungoyang'ana.

Tsono zakudya. Ana anu akufuna tchipisi cha pachiwaya, musawamane, koma sankhani chiwaya chimene pali anthu ambiri ndipo akukazinga inu mukuona, chichoke m'mafuta chikutentha nkulowa m'mbale, osalola chimene chakhala pambali chikudikira. Kabichi wamuwisi amathira pamwamba uja kwa kamzime muwauze asathire, kolera wa 2022 ndi 2023 uja tonse tikumukumbuka ndipo ine kuyambira pamenepo ndimayenda ndi kasopo m'chikwama ndi botolo langa la madzi. Akuluakulu inu thirani tsabola wa kambuzi pang'ono mumve kununkhira. Zigege aziyesa, ndi mbatata yoviika mu ufa wa tirigu nkukazinga, zotchipa ndipo mwana akadya zitatu wakhuta. M'mawa kukuzizira pezani tiyirumu mumwe tiyi wamkaka ndi sikono kapena chigumu, mudzaona kuti tiyi amakoma mosiyana thukuta likakhala kuti silikutuluka. Masana m'misika monsemo muli malesitilanti a amayi ophika nsima, lowani momwe mwaona kuti mbale akutsuka ndi madzi oyera, itanitsani nkhuku yachikuda kapena nyemba ndi mkhwani wotendera, abambo akunyumba muwagulire mang'ina adzakuthokozani. Chambo chilipo koma chakwera mtengo kwabasi, ngati thumba likulola gulani chimodzi chachikulu mugawane nonse kuti ana alaweko basi, mutu mupatse wachisamba poti walemba mayeso.

Kanyenya musatengeke naye kwambiri, mbuzi ndi ng'ombe zambiri zimene akudya m'tauni zimakwera pa malole kuchokera konkuno, nde mukalipira kawiri nyama ya kwanu komwe.

Chinthu chimodzi chinandionekera ndikuuzeni kuti musamale. Tsiku lina ndili pakati pa chigulu mumsika wina ndinamva ngati wina wandigunda paphewa nkupepesa mwaulemu, pofika pa siteji ndinapeza chikwama chang'ambidwa ndi lezala pansi, kachikwama ka ndalama kulibe, ndinalira ngati mwana chifukwa inali mpamba wonse wa geni. Kuyambira apo ndalama zambiri ndimasunga mufoni ndikumatapa pang'onopang'ono, zapamanja ndimamanga pa chitenje mkati. Inunso gawanani, zina abambo zina inu. Ana aliyense mulembereni nambala yanu ya foni pa kapepala muike m'thumba, ndipo kamzime kakhale kumsana kapena padzanja nthawi zonse, musadalire kuti mkulu wake akagwira poti nayenso maso adzakhala ali pa madiresi. Pogula nenelerani, mtengo woyamba si weniweni, akangomva kalankhulidwe kathu ka kuchigwa ena amakweza, inu musachite manyazi ndi chilankhulo chanu, ingosekani nkunena mtengo wanu, akakana chokani adzakuitanani okha.

Zimbudzi za mumsika nzolipira nde sungani zosintha.

Mnyamata wa pa Bangula

Amayi pepani ine ndiyankhula mosiyana pang'ono. Ndinakhalako ku Blantyre zaka ziwiri ndikugwira ntchito ndipo sindikuona kuti masiku atatu onse mukathere mu utsi wa minibasi. Ndalama imathera pa thiransipoti ya m'tauni momwemo, anthu asanu kukwera kutsika kukwera kutsika pofika madzulo mwaononga ya thumba la chimanga. Bwanji tsiku limodzi mupite ku Zomba? Ndi ulendo wa ola limodzi ndi theka kapena kuchepera kuchokera ku Limbe, linali likulu la dziko mpaka 1975, kuli nyumba zakale za boma, nyumba ya malamulo yakale, chipilala cha asilikali a KAR, gulu lankhondo la nthawi ya atsamunda, tauni yake ndi yodekha mitengo yambiri ndipo phiri lili pompo, ana akamwa madzi ozizira ochokera m'phiri nkudya mastrobere. Komanso tisaiwale kuti ana ambiri a m'chigwa muno sanalowepo m'malo osungira nyama zakutchire a Majete kapena Lengwe pamene azungu amachoka kutali kudzaona, Lengwe ali pakhomo panu pomwepo. Ine ndikanakhala inu ndikanayamba zapafupi.

Mphunzitsi Wopuma, kwa Kasisi

Achimwene a ku Bangula, za Lengwe ndi Majete mwanena zoona ndipo zimandiwawa inenso, koma amenewo atha kupita Loweruka lililonse nkubwerako tsiku lomwelo. Zomba ndi wokongola koma kumuphatikiza pa masiku atatu ndi mwana wa zaka 5 ndiye kuti holide yonse ikhala ya pampando wa minibasi. Pa za thiransipoti ya m'tauni ndikugwirizana nanu, mankhwala ake ndi kusachulutsa malo. Mishoni, Victoria Avenue, msika wa Blantyre ndi Mandala zonsezi munthu utha kuyenda wapansi tsiku limodzi mopumira, kulibe dzuwa loswa mtengo ngati kuno. Chichiri ndi Limbe zili njira imodzi, limenelo ndi tsiku lachiwiri.

Dalaivala wa Nsanje mpaka Tauni

Mayi ine ndimayenda msewu umenewu pafupifupi tsiku lililonse nde mverani izi. Nyamukani ndi minibasi yoyamba ya m'bandakucha, pofika pa Nchalo kukuyera, pa Dyeratu dzuwa likutuluka, mukawoloka mlatho wa Kamuzu nkudutsa rodibuloko ya pa Thabwa muyamba kukwera kusanatenthe, injini imavutika pang'ono komanso ana satopa. Ana amene sanazolowere makhota amasanza, si matenda ayi, musawadyetse zamafuta m'mawa, tiyi ndi kabanzi basi, tengani majumbo awiri atatu ndi ndimu yoti azinunkhiza. Makutu akatseka pokwera auzeni ameze malovu. Pemphani kondakitala akupatseni mpando wa pawindo, ndipo mukafika pamwamba anawo atembenuke ayang'ane kumbuyo, chigwa chonse chimaoneka pansi mbee, Shire akunyezimira ngati lata latsopano akukhotakhota, minda ya nzimbe kubiriwira uko. Ine ndadutsapo kosawerengeka koma ndimaponyabe diso. Ogasiti kumakhala kautsi ka moto wa tchire nde m'mawa ndiye mumaona bwino.

Za kuzizira musazitenge mopepuka. Blantyre ali pamwamba mamita pafupifupi 1,000 pamene kwathu kuno sitifika ngakhale 200, ndipo chiperoni chikabwera kumachita nkhungu ndi kamvula kowaza tsiku lonse. Ndaonapo anthu akwathu akutsika m'tauni atavala malaya opyapyala mano akugundana. Aliyense juzi, kamzime chipewa ndi masokosi, ngati mulibe gulani pa kaunjika mukangofika. Ndalama ya minibasi funsani dzulo lake pa siteji poti ikumasintha ndi mafuta, ndipo za ana mugwirizane ndi kondakitala musanakwere osati muli pakati pa njira. Pobwerera musadikire madzulo, nyamukani isanakwane 2 koloko mutsike phiri kukuwala.

Make Tadala, kwa Ngabu

Abale inu mwandipatsa zambiri kuposa zimene ndinapempha, Mulungu akudalitseni. Usiku wathawu ndinawawerengera onse pa mkeka titatha kudya, pofika pa nkhani ya njerwa zouma zosanja popanda matope mnyamata uja anadzuka nkuima, ati amayi ndiye kuti inenso ndimakhoza eti. Lero m'mawa ndamupeza akusema kachikombole kena kokhota ndi mpeni wa abambo ake. Mtsikana naye kwa nthawi yoyamba wafunsa funso la Blantyre, akuti kodi tikadutsa pa chipatala paja, ndamuuza kuti tidutsa pa minibasi popita ku Chichiri koma sititsika, anangogwedeza mutu kenako nkufunsa ngati ku Limbe kuli nsapato za sukulu ya sekondale. Nde mwaona.

Achimwene a ku Bangula musadandaule, abambo akuti Lengwe tipita Khirisimasi isanafike, mwatichititsa manyazi mwachikondi. Aphunzitsi, kwa Katunga timadutsako nthawi zonse koma sindinkadziwa kuti sitima zinkaima kumeneko, agogo anga ankangonena kuti atate awo ankasenza katundu wa azungu kupita kumapiri ndipo ife tinkangomva ngati nthano.

Latsala ndi la pogona lija, palibe wandiyankha. Msuweniyo ndi munthu wabwino koma ndikuopa kumupanikiza, komanso ndikuopa kuti tikakagona kwina adzamva ngati tamunyoza. Nanga tikapita tinyamule chani?

Mlamu wa ku Ndirande, kwathu ku Makhanga

Alamu fikirani kwa msuweniyo, musaganize kawiri. Ine ndili ku Ndirande konkuno zaka zambiri ndipo nyumba yanga ndi ya zipinda ziwiri yomweyo, abale akabwera amuna amagona pabalaza ndi anyamata, amayi kuchipinda ndi atsikana, mausiku awiri si kanthu. Chimene chimatipweteka ife a m'tauni si kuchepa kwa malo, ndi kumva kuti m'bale anabwera nkukagona ku resitihausi ngati alibe wake. Komanso maresitihausi otchipa ambiri amakhala pafupi ndi mabala, phokoso usiku wonse, si malo a ana. Chimene mungachite ndi kuthandizapo pa makala ndi ndiwo, tsiku lofika mupatseni mayi wa pakhomopo kangachepe m'manja mwakachetechete, ndipo tengani zofunda zanu ndi mkeka umodzi poti mabulangete ndi amene amavuta nyengo ino. Madzi m'makomo ambiri kuno timagula pa kiyosiki nde anawo muwauze asamathire mosasamala ngati ali pa mjigo. Mnyamatayo mumuuzenso kuti madzi ambiri amene timamwa m'tauni muno amawapopa kuchokera mu Shire pa Walker's Ferry nkuwakankha kukwera mapiri onsewa ndi mapampu.

Zonyamula musavutike ndi za m'sitolo, shuga tili naye ndi wa ku Nchalo komweko. Tibweretsereni zimene timazisowa, mlamba wowamba, ufa wa mapira kapena mchewere woti tiphikire thobwa, malambe, masau poti ndi nyengo yake, ndi kachitowe pang'ono pa kamene mwakolola. Mlambawo muukulunge bwino m'nyuzipepala ndi jumbo kuti a dalaivala asakudandauleni.

Ndipo poti mugona ku Ndirande, madzulo amodzi dzuwa lisanalowe mutengeni mnyamatayo mukadutse kumene amisiri amakhoma zidebe, mbaula ndi mafelemu a mawindo, aone mmene lata lakutha limasandukira ndowa pamaso pake. Ali ndi msuweni wa abambo ake woti amuperekeze, njira zake nzokhotakhota mlendo yekha atha kusochera. Tsiku lachitatu m'mawa musananyamuke dutsaninso pa msika mugule kabichi, mbatata ya kachewere ndi manachesi a agogo kumudzi, zikafike zisanafote.